Mapiko a Achimwene Martinho

Achimwene anga a Martinho anabwerera kwathu ku Domwe m'chaka cha 1972 atasenza chiwaya pamutu. Amuna ena pochokera kuntchito ankabwera ndi njinga, ena wailesi, ena nsapato zolira poyenda. Iwo, atagwira ntchito zaka makumi awiri kwa Mpwitikizi, anabwera ndi chiwaya chakuda bii, mpeni umodzi ndi kansalu koyera komanga pamimba pophika. Ine mlongo wawo Olinda ndinakawachingamira kumsewu, ndipo nditaona katunduyo ndinalira. Anthu ankati ndikulira chifukwa cha chimwemwe, ine sindinawatsutse.

Anachoka pamudzi ali kamnyamata, makolo athu atangomwalira. Mzungu wina wa kantina ku Vila Coutinho, kumene tsopano timati ku Ulongwe, anawatenga kuti azikatsuka mbale. Anatsuka mbale mpaka anamera ndevu, kenako anakwera n'kukhala kozinyero, wophikira patrau, bwana wawo uja, ndi alendo ake. Nkhondo itayamba kuvuta mumsewu wa ku Tete, patrauyo anagulitsa kantinayo n'kupita ku Beira. Potsazikana anawagwira dzanja n'kuwauza kuti atenge chiwaya. Achimwene ankaikamba nkhani imeneyi monyada, ngati anapatsidwa ng'ombe.

Pamudzi anasanduka nkhani ya pachitsime. Mwamuna wamkulu ndithu, wosakwatira, wokana kuphikiridwa! Anadzimangira kanyumba kophikiramo, iwo ankati kozinya, ndipo m'katimo anawaka fogau, chitofu cha njerwa chofika m'chiuno, ati munthu wodziwa ntchito saphika chowerama. Akamadutsa pakhomo pa munthu, mphuno inkawatsogolera kumoto. Ankavundukula mphika wa eni ake osapempha, kununkhiza, n'kupukusa mutu. "Mchere munathira mochedwa, mayi." Amayi ena ankawaseka, ena ankawatukwana, wina anachita kuwathamangitsa ndi mthiko. Koma munthu akadwala, oyamba kufika ndi kambale ka msuzi wotentha anali iwowo, ndipo sankachoka mpaka wodwalayo amwe. Ndinkachita nawo manyazi masiku ambiri, komabe ndinkawakonda, poti m'bale wanga wa bere limodzi anali yekhayo.

Chimene chinawasokonezeratu mutu chinali mapiko a nkhuku. Ku kantina kuja Loweruka lililonse ankapha nkhuku zambiri zowotchera asilikali ndi oyendetsa malole. Asanaziike pamakala, patrau ankalamula kuti mapiko onse adulidwe n'kuikidwa padera. Asilikali ankadya ntchafu ndi chidali. Mapiko ankakazingidwa mwa njira yakeyake n'kupita pagome la kuseri, pamene patrau ankakhala ndi alendo ake apamtima, akuluakulu a boma, akumwa mowa wozizira n'kumanyambita zala. Achimwene anaona zimenezi zaka zonsezo, ndipo anagamula mumtima mwawo kuti padziko lapansi ulemu waukulu ndi phiko.

"Olinda," ankandiuza, "nyama ya nkhuku ili m'mapiko. Zinazo Mulungu anangoziika kuti mapikowo akhale ndi pogwira."

Kwathu kuno ngakhale mwana wongoyamba kumene kuyenda amadziwa kagawidwe ka nkhuku. Nthutumba ndi ya bambo, kapena ya mlendo ngati alipo. Ntchafu ndi chidali n'za akuluakulu. Mapiko, khosi ndi zipalapasiro n'za ana, azikaguguda kuseri. Ndipo mlendo wolemekezeka umayamba wamuonetsa nkhuku ili yamoyo, iye n'kugwedeza mutu, ndiye umakaipha. Ikapsa imabwera yonse m'mbale imodzi yovundikira, yosasowa chiwalo, chifukwa mlendoyo amawerenga ndi maso ngakhale akuoneka ngati akuyang'ana kudenga. Ndinawafotokozera achimwene zonsezi kangapo konse. Ankandimvetsera mwachifundo, ngati ndikuwauza maloto.

Ndiye kunabwera nkhani ya Zita. Anali mayi wamasiye wa ana awiri, mwamuna wake anafera kumigodi ku Joni. Ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Domwe, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa chikwanje, chimene si chinthu chapafupi. Achimwene ankafika pamulu wake tsiku lililonse la msika n'kumatola mbatata imodziimodzi, kuitembenuza, kuikanda ndi chikhadabo, kuinunkhiza, n'kuibwezera. Tsiku lina Zita anatopa nazo.

"Bambo inu, mukugula kapena mukufunsira? Ngati n'kufunsira, mbatatayo ilibe malume. Wokhala ndi malume ndine."

Achimwene anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, atagula dengu lonse. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuvundukula miphika ya anthu. Anayamba kumeta ndevu pafupipafupi, n'kumaimba nyimbo za Chipwitikizi zimene mathero ake sankawadziwa. Ine ndinaona kuti munthuyu wakodwa zenizeni, ndipo ndinapemphera kuti zitheke, chifukwa mwayi wina wotere sukanabweranso. Mkazi wina uti akanalola mwamuna wolimbirana naye chipande?

Tinatumiza mawu kwa malume ake a Zita, a Bartolomeu. Anali munthu wamtali, wowuma thupi, wotsogolera mapemphero kukapela ya kwawo padri akapanda kubwera, wosaseka pagulu kuopa kuti ulemu ungatayikire pansi. Yankho lawo linali lakuti za mwamuna wophika anazimva, ndipo asanalandire ankhoswe akufuna adzaone okha ngati pakhomopo ndi pakhomo pa munthu. Adzabwera Lamlungu mapemphero akatha, pamodzi ndi mlongo wawo a Joaquina, mayi aang'ono a Zita. Aliyense anamva tanthauzo lake. A Bartolomeu akabwerera okondwa, ukwati ulipo. Akabwerera atakwinya nkhope, achimwene adzakalamba ndi chiwaya chawo.

Ndinapita kukawauza bwinobwino. "Achimwene, Lamlungu inu muvale kazako wanu, jekete lija, mukhale pampando, muzifunsa za mvula. Tambala wofiira uja ndimuonetsa ine, ndipha ine, ndiphika ine. Inu ku kozinya musapondeko."

"Alendo anga adye chakudya wamba?" anatero atatong'ola maso. "Anthu ondipatsa mkazi? Olinda, amenewa ndiwapatsa chimene ankadya akuluakulu a boma okha, a shefi a posto."

"Mapiko?"

"Mapiko."

"Nkhuku ili ndi mapiko awiri okha, achimwene."

"N'chifukwa chake ndili ndi nkhuku zisanu ndi imodzi."

Ndinalankhula mpaka kukhosi kunauma. Ndinatchula makolo athu kumanda. Ndinabisa tambala mmodzi kunyumba kwanga n'kumuvundikira ndi dengu, koma chitsiru cha tambalacho chinalira, achimwene n'kudzachitenga akuimba. Pamenepo ndinagwa ulesi. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi m'semere, im'fotere yekha. Kungoti mwana ameneyu anali wandevu, ndipo nyangayo inali yofotera tonse.

Loweruka m'mawa khola linatha psiti. Tinasosola mpaka nthenga zinadzaza bwalo, agalu a m'mudzi monse atakhala mozungulira ngati pamlandu. Achimwene anadula mapiko, lililonse pawiri pamfundo pake, n'kupukuta chidutswa chimodzichimodzi ndi kansalu. Madzi, ati, ndiwo mdani wa chiwaya. Kenako anasinja adyo, mchere ndi tsabola wa piripiri m'kamtondo, n'kufinyiramo mandimu, n'kuthiramo vinagre, viniga wowawasa uja, amene anachoka naye ku Vila m'kabotolo. Anapaka mapikowo, kufikisa ndi zala mpaka kunsi kwa khungu, n'kuwaika mumphika wadothi. Anavundikira ndi mbale, pamwamba n'kusanjikapo mwala. Ati agone mpaka mawa, kuti zokometserazo zikafike pafupa.

Nanga nkhuku zopanda mapiko zija? Posunga panalibe. Achimwene anaziika m'lichero n'kuyenda nazo khomo ndi khomo kugawira anansi, nthutumba zili momwemo. Anansiwo anaomba m'manja, ena anafunsa ngati kwagwa zovuta. Imodzi inabwera kwanga. Ndinaganiza zoti ndidzaiphike kuti ndipulumutse nayo zinthu, koma nkhuku yoduka mapiko suika pamaso pa mlendo, angati wina wayamba kale kudyako. Ndinangoiwamba pamoto kuti ifike mawa, monga anachitira anansi onse, poti nyama yotere munthu amaidya Lamlungu.

Kunena zoona, Lamlungu lija achimwene anaphika. Ine ndine munthu wovuta kuyamika, koma anaphika. Anatulutsa mapiko aja, kuwayanika pang'ono pamphepo, n'kuwagubuduza mu ufa wa tirigu wosakaniza ndi ufa woyera wosefa kawiri. Mafuta a mtedza anafika theka la chiwaya, mafuta oti ine ndikanaphikira mpaka nthawi yokolola. Anaponyamo kaufa kuti aone ngati atentha, kaufako n'kuvina pamwamba. Ndiye anayamba kuikamo mapiko ochepaochepa, tswaa, ati akathithikana amatuluka thukuta n'kufewa. Atachita chikasu anawavuula n'kuwasiya palichero kuti apume. Ine ndinati basi zatha. Iwo anasonkhezera moto n'kuwabwezeramonso kachiwiri, mpaka anafiira ngati njerwa yopsa bwino, khungu lili matuzamatuza. Kuvundikira anakana, ati nthunzi ingawaphe. Fungo lake linakafika kumadimba. Ndinapempha kachidutswa kamodzi, anandimenya dzanja ndi chipande.

A Bartolomeu anafika atavala kazako wakuda, ndodo ili m'manja. Pambuyo pawo panali a Joaquina, mayi wathupi, akupuma mwaphokoso chifukwa cha chitunda chathu. Tinawalonjera pakhonde, bambo pampando, mayi pamphasa. A Bartolomeu anayang'ana denga la nyumba, anayang'ana nkhokwe, anayang'ana khola lili pululu, n'kudikira nkhuku yoti aonetsedwe. Sinabwere. Chimene chinabwera ndi madzi osamba m'manja, nsima imene ndinaphika ine mwamakani, ndi achimwene, kansalu koyera kali pamwamba pa kazako, atanyamula mbale yosavundikira. Mapiko anali ataunjikana ngati nkhuni, mandimu odula ali pambali.

A Bartolomeu anasamba m'manja. Anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, kenako anavundula muluwo ndi chala chimodzi, kufunafuna pansi pake. A Joaquina sakanayamba kudya alongo awo asanayambe, ndiye anangokhala akumeza malovu.

"A Martinho," anatero a Bartolomeu mofatsa, "nkhuku za kwanu kuno zimakhala ndi mapiko angati?"

"Awiriawiri, bambo, monga za kwina konse," anayankha achimwene akumwetulira. "Ndapha zisanu ndi imodzi. Khola lonse, chifukwa cha inu."

"Mwapha liti? Ine sindinamve nkhuku ikulira."

"Dzulo m'mawa. Mapikowa agona mu vinagre."

"Agona." A Bartolomeu ananunkhiza chala chawo. "N'chifukwa chake akumveka kuwawasa. Kodi si chitopa chalowa m'khola, inu n'kuti tiitane alendo adzatithandize?"

"Ayi bambo! Zinali zamoyo, zonenepa!"

"Nanga msuzi? Nsimayi ndisusa m'chiyani, m'mphepo?"

"Amenewa sakhala ndi msuzi, bambo. Ubwino wake ndi kuuma kwakeko. Tangolumani, mumve kulira kwake."

"Ndilume ndimve kulira, ngati galu ali ndi fupa. Chabwino. Nthutumba zili kuti?"

Achimwene asanayankhe, pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa a Luís, mnansi wathu, milomo ili noninoni ndi mafuta. Munthu ameneyu chibadwire sanafikepo pamalo nthawi yabwino. Anakweza dzanja, pakati pa zala pali nthutumba yoluma kale.

"A Martinho! Mulungu akudalitseni! Nthutumba yonona chonchi sindinaidyepo. Mudzi wonse lero ukudya ntchafu!"

Paja tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo mtengo wake tsiku limenelo ndinali ine. A Bartolomeu anaimirira pang'onopang'ono, akutsamira ndodo.

"Ndakalamba ine," anatero. "Ndayenda m'midzi, ndadya pamaliro ndi pamaukwati. Lero n'koyamba kuona mudzi wonse ukudya nyama, mlendo n'kupatsidwa za ana, zogona, zopanda msuzi. Mapiko ine ndinasiya kudya tsiku limene ndinavala kabudula woyamba, ndipo sindidzawalawanso mpaka m'manda. Achemwali, kulungani zinthuzi m'masamba. Abale akaone ndi maso awo chipongwe chimene tachitidwa, angadzati Bartolomeu wapeka."

A Joaquina anakulunga m'tsamba la nthochi ndi changu chimene chinandidabwitsa, osasiya n'chimodzi chomwe. Anatenga ndi mandimu omwe. Ananyamuka osatsazika.

Achimwene anatsala chiimire, mbale yopanda kanthu ili m'manja. Ndinali nditakonza mawu ambiri, oyamba akewo akuti samva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nditaona nkhope yawo mawu onse anandithawa.

"Olinda," anandifunsa motsitsa mawu, "ndalakwa chiyani? Ndawapatsa chabwino koposa chimene ndimadziwa."

Ndinamva chisoni chachikulu. Munthuyu sanafune kunyoza aliyense, anangokulira kukhomo la kuseri kwa azungu, kumene panalibe womuuza za kwathu. Anapachika chiwaya pakhoma. Mlungu wonse pa fogau sipanayake moto. Ndinkawapititsira chakudya ine, ndipo ankadya osanenapo za mchere, pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti zafika poipa. Anayamba kufunsa za malole opita ku Beira, nthawi imeneyo msewu uli wa mabomba okwirira.

Zimene zinachitika mbali inayo ndinazimva pambuyo pake kwa Zita mwini wake. Panjira a Bartolomeu ankayenda patsogolo akulankhula okha, a Joaquina pambuyo, fungo la phukusi likuwalowa m'mphuno. Pamtsinje woyamba a Joaquina anaganiza kuti mboni yabwino iyenera kudziwa chimene ikukachitira umboni. Analuma kamodzi. Kukutu! A Bartolomeu anacheuka.

"N'chiyani chimenecho?"

"Ndaponda kamtengo, achimwene."

Kuchoka pamenepo mpaka kumudzi, a Joaquina anaponda timitengo tambiri ndithu.

Atafika, a Bartolomeu anasonkhanitsa abale pakhonde, kuika phukusi pakati, n'kupita kutsidya kwa dambo kukaitana mkulu wa banja lawo kuti mlandu ukhale ndi mutu wake. A Joaquina anamasula tsamba kuti anthu aone chipongwe. Wina anati chipongwe sachiweruza ndi maso okha. Analawa, anapukusa mutu, anati sanamvetse bwino, n'kutenga china. Enanso anafuna kumvetsa. Pamene a Bartolomeu ankafika ndi mkulu uja, patsamba panali mafupa oyera mbee ndi makoko a mandimu. Mkuluyo anafunsa kuti chipongwecho chili kuti. Onse anayang'ana pansi, milomo ikuwala.

Zita anapeza kachidutswa kamodzi kokha, kamene a Joaquina anamubisira m'nsonga ya kapulana, chitenje chawo chija. Anakadya, n'kufunsa kuti munthuyo wapha nkhuku zingati. A Joaquina anamuuza kuti khola lonse. Pamenepo Zita anakagwada pamaso pa malume ake.

"Malume, ine ndinakwatiwapo. Mwamuna wodziwa mwambo wonse ndikumudziwa, wodya nthutumba yekha ana akumuyang'ana. Koma wopha khola lonse chifukwa cha ine sindinamuonepo. Kupusa apusadi, koma kupusa kwawoko ine kwandikomera. Ndiponso mlandu wopanda umboni suzengeka. Tiyeni tibwerereko."

Abale onse anavomera msangamsanga, ena n'kudzipereka kuti aperekeze. A Bartolomeu anakana masiku angapo, koma anapezeka kuti atsala okha. Ngakhale akazi awo anali atalawako.

Loweruka lotsatira m'mawa, ndikusesa pabwalo, ndinaona anthu atatu akukwera chitunda: a Bartolomeu ndi ndodo yawo, a Joaquina akupuma, ndi Zita atapanira thadzi lakuda m'khwapa. Ndinathamanga kukautsa achimwene, amene anali khale padzuwa, ndevu zili nyankhalala. Titawalonjera, Zita anandipatsa thadzilo.

"A Olinda, ndamva kuti pakhomo pano nkhuku zinasamuka. Iyi ndi yanga, ndakupatsani. Aonetseni malume."

Ndinaligwira ndi manja awiri, ndinagwada, n'kulionetsa kwa a Bartolomeu, amene analiona likukula pakhomo pawo ndiponso anayenda nalo njira yonse. Analiyang'ana ngati sanalionepo, n'kugwedeza mutu.

"Thupi muphike inu, ndi msuzi wake," anatero Zita. "Mapiko apatseni a kozinyero."

Achimwene anayamba kunena kuti mapiko ayenera kugona kufikira mawa. Ndinawaponda phazi. Mapikowo anagona mpaka dzuwa linapendeka basi, ndipo poti vinagre anali atatha, anangowonjezera mandimu. Chiwaya chinatsika pakhoma. Mafuta onse aja chifukwa cha mapiko awiri!

A Bartolomeu anavundukula mbale yanga. Ntchafu zinalimo, chidali, msana, chiwindi, nthutumba ili pamwamba penipeni, msuzi uli psuu ndi matimati. Anawerenga ndi maso. Fungo la ku kozinya linali likuwapeza pakhondepo, ndipo anakhosomola.

"Nkhuku ya mlendo imabwera yonse. Mapiko ali kuti?"

"Amenewo ndi a ana, malume," anayankha Zita ali chogwada, nkhope ili pansi. "Munalumbira nokha kuti mpaka m'manda. Ife sitingakuchimwitseni, inu otsogolera mapemphero."

A Joaquina anatsamwa. A Bartolomeu anangotenga nthutumba. Anadya bwino ndithu, anasusa msuzi wanga mpaka mbale inayera. Atasamba m'manja anayang'ana achimwene.

"Ankhoswe anu abwere. Mwana wathuyu akuphunzitsani kulandira alendo, poti ife talephera. Koma nkhuku mugule zina. Khomo lopanda tambala limadzuka mochedwa."

Anakwatirana chaka chotsatira, ufulu usanafike, ndipo anakhala limodzi mpaka imvi, wina akugulitsa mbatata, wina akuikazinga pambali pake pamsika. Koma ine chimene ndimakumbukira kwambiri si ukwatiwo. Ndi masana omwewo, pamene ndinkatuta mbale n'kuwapeza awiriwo kuseri kwa kozinya, atakhala motalikirana monga anthu aulemu, kambale kali pakati. Zita anatenga chidutswa chimodzi n'kuluma. Kukutu! Kukhonde a Bartolomeu anadukiza nkhani pakati, kenako anaipitiriza mokweza.

Zita anadya mpaka pafupa, ananyambita zala, ndipo anaomba m'manja mwaulemu, monga amachitira mwamuna pothokoza mkazi amene wamuphikira, kumutchula mfunda wake.

"Zikomo, Ngozo. Mwaphika."

Achimwene anaphikira anthu kuyambira unyamata wawo, ndipo nthawi yonseyo ankaitanidwa ndi mluzu kapena kugogoda pagome. Panalibe anawathokozapo ndi mfunda wa bambo athu. Anayang'ana kumbali n'kupukuta maso ndi mkono, ati tsabola wawalowa. Ine ndinabwerera ndi mbale zanga mwakachetechete, poti tsabola yemweyo anali atandilowa nanenso.